Tisanasaine kalata yothamangitsa mavenda

Kuno kumudzi chimanga chauma, ena ayamba kale kutema ndi kuimika mikukwe. Lero ndilemba zazitali, ndiye amene bandulo yanu ndi yoperewera sungani kaye, muwerenge usiku ana akagona.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi tinakhala pabwalo pa a mfumu. Nkhani inali ya mavenda. Anyamata a masikelo afika kale pamphambano paja, akugula chimanga chosauma n'komwe, mtengo wake womvetsa chisoni. Anthu anakwiya, ndipo m'pomveka. Kenaka panatuluka ganizo loti tilembe kalata yopita kwa a T/A ndi kwa a DC, yopempha kuti mavenda aletsedwe m'dera lathu lonse, pamsewu paikidwe chipata, ndipo mbewu zizigulidwa ndi msika wa boma wokha ngati kale. Madzulo ake mphwanga wa ku Area 25 analemba pagulu lathu la WhatsApp kuti boma litseke malire, chimanga chisatuluke ngakhale thumba limodzi, poti ufa m'tauni wakwera.

Ine sindinakweze dzanja. Ena anandiyang'ana ngati ndadya za mavenda. Sindinadye za munthu ine, ndipo venda wina anandiberapo ndemwe, ndifotokoza kutsogoloku. Koma chimene tikupemphachi si chachilendo ayi. Chinayesedwa kangapo konse m'dziko muno, kuyambira nthawi ya agogo athu, ndipo kumene chinathera kukudziwika. Ndiye tisanasaine Loweruka likudzali, ndiloleni ndikukumbutseni kumene tachokera.

Tiyambe ndi fodya, poti nkhaniyi inayambira kwathu konkuno. M'zaka za m'ma 1920 azungu ena, monga Barron wa ku Mbabzi, anayamba kugawa mbewu ya fodya wachikopa kwa anthu akumudzi a ku Lilongwe ndi Dowa, n'kumadzagula akachiza. Anthu anaona kuti muli ndalama ya msonkho ndi ya nsalu, ndipo ambiri analowa. Ogula nawonso anachuluka n'kumapikisana. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe lotchedwa Native Tobacco Board. Chifukwa chimene anapereka chinali chokoma m'khutu: kuteteza mlimi kwa ogula achinyengo, ndi kuti fodya akhale wabwino. Koma taonani mmene zinayendera. Mlimi aliyense ankayenera kulembetsa. Ankauzidwa kukula kwa munda woti alime. Ankagulitsa pamisika yokhayo imene bungwe lavomereza, ndipo pa fodya aliyense wogulitsidwa bungwe linkadulapo yake. M'zaka za m'ma 1930 misika inachepetsedwa, olima nawonso anachepetsedwa. Pambuyo pake bungwelo linayamba kugula lokha fodyayo n'kumakamugulitsa ku okushoni ku Limbe, imene inayamba mu 1938, ndipo yapamwamba inkatsala m'manja mwake. Musaiwale kuti ena mwa azungu a maesiteti ankakhala nawo m'bungwemo. Agogo anga aamuna ankasimba za ulendo wapansi, mtolo wa fodya pamutu, kugona panjira, chifukwa msika wololedwa unali kutali.

Za chimanga ndiye zinafika mu 1947, pamene anakhazikitsa Maize Control Board. Cholinga chake pakamwa chinali chomwechi chimene tikufuna ife lero: chimanga chisamwazike, mlimi akhale ndi mtengo wodziwika, ogula asamubere. Koma bungwe lili ndi malipiro a antchito, magalimoto ndi nyumba zosungiramo, ndipo zonsezo zimalipidwa ndi winawake. Ndiye linkagula motsika n'kumagulitsa mokwera. Anthu ataona kuti kulima chimanga chogulitsa kulibe phindu, ambiri anangolima chokwanira pakhomo basi. Amalonda ang'onoang'ono amene ankanyamula chimanga kuchoka kumene chachuluka kupita kumene chasowa anapanikizika. Mvula itakanika, njala ya 1949 inapeza dziko lilibe pothawira, makamaka kumwera, cha ku Lunzu ndi madera ozungulira Blantyre. Chilala sichinabwere ndi bungwe, zimenezo n'zoona. Koma bungwe linali litachepetsa kale chimanga choyenda pamsika chilala chisanafike.

Titalandira ufulu mu 1964 mabungwe aja sanafe. Anangosintha zovala. Panali Farmers Marketing Board kuyambira 1962, kenaka mu 1971 inasanduka ADMARC. Apa ndiyankhule mwachilungamo, chifukwa ambiri a ife tinakulira mumthunzi wake. Zabwino zinalipo. Msika unali pafupi. Mtengo unkalengezedwa pawailesi, ndipo unali umodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Feteleza ndi mbewu zinkapezeka pomwepo, ngongole ya kalabu inalipo, ndipo mu February munthu unkapita ndi kathumba kako kukagula chimanga pamtengo wodziwika. Amene mukulira kuti kale zinali bwino mukulira zimenezi, ndipo sindikutsutsani.

Koma funso n'lakuti, ankalipira zonsezo ndani? Tinali ife tomwe. Fodya wachikopa, thonje ndi mtedza wa chalimbana zinkagulidwa kwa mlimi pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene zinkagulitsidwira ku okushoni ndi kunja. Phindulo silinkabwerera kumudzi lonse. Lambiri linkapita kukathandiza kutsegula maesiteti ndi makampani, kuphatikizapo Press, imene inali m'manja mwa Kamuzu. Zimenezi si miseche yapabawo, zinalembedwa ndi ofufuza ndipo boma lenilenilo linadzavomereza kusintha. Pamwamba pa izo panali lamulo lotchedwa Special Crops Act, limene linkati mbewu za ndalama zenizeni, monga fodya wa bale, fodya wowotcha m'mabani a mapaipi, tiyi ndi nzimbe zopangira shuga, sungalime popanda chiphaso. Ziphasozo zinkapita kwa a maesiteti: nduna, akuluakulu a chipani, mabwana a m'boma. Mlimi wapamunda wa makolo bale sankaloledwa. Ndiye anthu a m'mudzi muno ankasiya minda yawo n'kupita kukakhala matenanti ku Kasungu ndi ku Mchinji, kukalimira munthu wina fodya yemweyo amene akanatha kulima kuseri kwa nyumba yawo. Bambo anga aang'ono anapita maulendo atatu. Ulendo womaliza anabwera ndi wailesi ndi ngongole.

M'zaka zomwezo za m'ma 1970 amwenye a masitolo anauzidwa kuti achoke m'madera akumidzi akakhale m'mizinda ikuluikulu, kuti malonda atsale m'manja mwa eni dziko. Pakamwa zinali zokoma nazonso. Koma masitolo ambiri anangotsala mabwinja, chifukwa olowa m'malo analibe mpamba kapena galimoto. Pitani pa ma trading centre akale, mudzaona makonde ake mpaka lero, mbuzi zikugonamo.

Tsono pali anthu ena amene amakhulupirira kuti malonda azisiyidwa aziyenda okha, boma lisamalowerere kwambiri. Maganizowa si a dzulo. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene tinkakhala naye mukalabu, ndiye anayamba kundifotokozera za Adam Smith, munthu wa ku Scotland, kwawo kwa Livingstone, amene analemba buku la chuma cha maiko mu 1776. M'bukumo muli gawo lonse lokamba za ogulitsa tirigu, amene anthu akumeneko ankadana nawo ngati mmene ife tikudanira ndi mavenda. Mfundo yake inali yakuti wamalonda amene amagula pokolola n'kusunga, ngakhale akufuna phindu lake, amathandiza kuti chakudya chisathe msanga ndiponso chifike kumene kulibe, ndipo boma likamumanga manja, kuperewera kwa chakudya kumasanduka njala yeniyeni.

Ndikaifinya mfundo ya anthu amenewa imatsala patatu. Choyamba, mtengo ndi uthenga. Ukakwera umauza mlimi kuti lima zambiri, ukautsitsa ndi lamulo mlimi amamva kuti usavutike. Chachiwiri, wogula akakhala mmodzi, kaya ndi kampani kaya ndi boma, alibe chifukwa chokulipira bwino, poti ulibe kwina kopita. Chachitatu, lamulo lililonse loletsa limamanga chipata, ndipo pachipata pamakhala mlonda. Wamkulu wa malole amadziwana ndi mlonda, amapeza chiphaso, amadutsa. Wogwidwa ndi mayi wa ndowa ziwiri panjinga.

Mu 1981 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inatulutsa lipoti lotsogoleredwa ndi Elliot Berg, lonena kuti maboma ambiri a mu Africa akudyera alimi awo kudzera m'mabungwe ogula mbewu. Chaka chomwecho Malawi inatenga ngongole yoyamba yokhala ndi mfundo zoti chuma chikonzedwenso. Nthawiyo zinthu zinali zitathina. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu ankazungulira njira yaitali yodula, ndipo ADMARC inayamba kuluza ndalama. Mu 1987 lamulo linasintha: amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi atatenga chiphaso, ndipo misika ina ya ADMARC yakutali inatsekedwa. Mavenda amene tikuwatukwana lerowa anabadwa chaka chimenecho.

Kusintha kumene ine ndinakuona ndi maso anga n'kwa bale. Mu 1990 boma linalola alimi ang'onoang'ono ochepa, a m'makalabu, kuyesa kulima bale ndi kota yawo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 chitseko chinatseguka kwa aliyense, ndipo kalabu inkatha kutumiza mabelo ake ku Kanengo pa dzina lake. Ine ndinalowa chaka chachitatu. Ndikukumbukira tsiku limene tinalandira pepala la malonda athu oyamba, tinaliwerenga anthu khumi ndi awiri pansi pa mtengo wa mango, aliyense kufuna kuligwira. Pasanathe zaka khumi alimi ang'onoang'ono ndiwo ankalima bale woposa theka m'dziko muno, ndipo Malawi inali pakati pa maiko otsogola pogulitsa bale padziko lonse. Yang'anani m'mudzi muno. Nyumba zoyamba za malata zosakhala za aphunzitsi zinamangidwa liti? Ngolo, njinga, ana oyamba kupita ku sekondale yolipira? Palibe anatipatsa ndalama. Anangochotsa lamulo limodzi lokha limene linkatiletsa. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu ankati munthu wakumudzi sangathe bale, aononga mbiri ya fodya wa Malawi. Tinatha.

Koma walira mvula walira matope. Ufulu uja unabwera ndi zake. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo, ndipo inagwa koopsa. M'zaka zomwezo thandizo lotsitsa mtengo wa feteleza linachotsedwa lonse. Ngongole za makalabu za boma zinali zitagwa kale pambuyo pa chilala cha 1992 ndi ndale za riferendamu, pamene ambiri anasiya kubweza. Ndiye feteleza anakwera nthawi yomweyo imene ngongole inasowa. Amene analima bale anapirira. Amene ankadalira chimanga chokha, makamaka amayi olera okha ana, anabwerera kulima popanda feteleza. Ndipo kumene msika wa boma unatsekedwa, amalonda sanathamangireko monga ankanenera akatswiri aja. Wamalonda amatsata msewu. Kumene mlatho unakokoloka kumafika venda mmodzi, ndipo venda mmodzi ndi chimodzimodzi bungwe limodzi lija: amatchula mtengo, iwe n'kuvomera. Pa fodya napo, ogula apakati amene analoledwa m'ma 1990 anabweretsa kusakaniza magiredi ndi kuba fodya m'zigafa, mpaka anadzaletsedwa. Ndipo ku okushoni makampani ogula anali owerengeka, moti mpikisano unali wochepa.

Chilonda chachikulu ndi 2002. Mu 1999 boma linakhazikitsa NFRA kuti izisunga chimanga cha dziko. Bungweli linali ndi ngongole, ndipo a IMF analangiza kuti chimanga china cha m'nkhokwe chigulitsidwe, chitsale chochepa. Chimene chinachitika n'chakuti pafupifupi chonse chinagulitsidwa, pamene zokolola za 2001 zinali zitavuta. Kafukufuku anadzaonetsa kuti kagulitsidwe kake sikanali koyera, ndipo china chinagwera m'manja mwa anthu odziwika. Pofika January ndi February 2002 mtengo unali utakwera kangapo konse, a Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo ife kuno tinadya gaga, nthochi zosakhwima ndi zitsa zake zomwe. Tinaika anthu m'manda, mukuwadziwa, sinditchula maina. Nkhani imeneyi aliyense amaikokera kwake. Odana ndi msika amati taonani malangizo a azungu. Okonda msika amati taonani katangale wa m'boma. Ine ndimati onse awiri ali ndi mlandu. Olangiza anaiwala kuti dziko lopanda doko silingaitanitse chimanga lero n'kufika mawa. Osunga makiyi anaiwala kuti chimangacho si chawo.

A Bingu atalowa anabweretsa makuponi mu 2005, thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K950, ngakhale ena mwa opereka thandizo sankafuna. Mvula inagwa bwino, tinakolola, mpaka mu 2007 Malawi inagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Apa ndivomere poyera kuti dzanja la boma linathandiza, ndipo amene amati boma lisakhudze kalikonse ayenera kufotokoza zaka zimenezo. Koma taonani kusiyana kwake. Kuponi inkamuthandiza mlimi kulima. Sinkamuletsa kugulitsa. Pamene boma lomwelo linayesa zoletsa, zinavuta. Mu August 2008 analengeza kuti ADMARC yokha ndiyo izigula ndi kugulitsa chimanga, kugula pa K45, kugulitsa pa K52 pakilogalamu. Zomwe tikupempha m'kalata yathuzi ndi zimenezo ndendende. Chinachitika n'chiyani? Ndalama zogulira chimanga cha dziko lonse panalibe, chimanga m'misika yambiri chinali chochepa, malonda anangolowa mumdima, mtengo weniweni unapitirira K52 uja, ndipo posakhalitsa amalonda ang'onoang'ono analoledwanso.

Tsono mphwanga wa ku Area 25, iyi ndi yako. Ukukumbukira 2017? Chaka cha 2016 kunali njala, chimanga chinadula, ndiye tonse tinalima kwambiri ndipo mvula inatikomera. Boma linalengeza kuti mtengo woyambira ndi K170 pakilogalamu. Koma malire anali otseka, kugulitsa chimanga kunja kunali koletsedwa. Nthawi yomweyo ku Kenya ndi maiko ena akumpoto kwathu kunali chilala, ankafuna chimanga pamtengo wabwino. Malole anagwidwa ku Karonga ndi ku Chitipa. Chimanga chinadzaza m'dziko, ogula anachepa, ndipo K170 uja anangotsala pawailesi. Ambiri tinagulitsa pamtengo wosafika ngakhale theka lake, osabweza n'komwe ndalama ya feteleza. Chiletso chinachotsedwa kumapeto kwa October, ife titagulitsa kale, chimanga chili m'nyumba zosungiramo za amalonda akuluakulu. Mu February 2018 chinabwezeretsedwa, ife tisanakolole. Tawerengera wekha, mwana wa mlongo wanga: khomo linatseguka miyezi imene chimanga chinali m'manja mwa yani, ndipo linatsekeka miyezi imene chinali m'manja mwa yani? Iwe unadya nsima yotchipa chaka chimenecho, sindikukana. Koma chaka chotsatira ambiri kuno anachepetsa chimanga n'kulowa soya, ndipo amene anachepetsawo sanabwerere onse. Ufa wotchipa wa lero ndiwo umabala ufa wodula wa mawa.

Chaka chomwecho abale athu akumwera analira ndi nandolo. Anali atalima kwambiri chifukwa mtengo unali wabwino, kenaka mu August 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, linaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwawo, mtengo n'kugweratu. Ena amati ndi msika umenewo, ndi woipa. Koma onetsetsani bwino: limenelonso linali lamulo la boma, la ku India, loteteza alimi awo. Cholembera chimodzi ku Delhi chinagwetsa mabanja ku Mulanje ndi ku Zomba. Cholembera chathu chikatseka malire chimachita zomwezo kwa ife tomwe.

Ndiye msika wa boma umene tikuuitana m'kalatamo uli pati? Mu 2022 ADMARC inaimitsidwa ntchito ndipo antchito ake onse anachotsedwa kuti bungwelo likonzedwenso. Ngakhale zisanafike pamenepo, tonse tikudziwa kuti ndalama zogulira mbewu zinkafika mochedwa zaka zambiri, ife titagulitsa kale. Tikathamangitsa mavenda mu May, ndani atigule mu May? Fizi ya teremu yachitatu siidikira. Wodwala sadikira. Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Tsopano za venda uja anandibera. Zaka zingapo zapitazo ndinatenga matumba asanu a soya. Ndinali nditayeza kale pasikelo ya mnzanga, lililonse linali 50. Pasikelo ya mnyamatayo lililonse linkaonetsa 46. Ndinatsutsa, iye anati mukafuna bwererani nazo a dala. Tsikulo anali yekha pamphambano, ndalama ndinkaifuna, ndinagulitsa. Makilogalamu 20 anapita choncho. Patapita milungu iwiri kunabwera anyamata ena atatu ndi masikelo awo, otumidwa ndi mabwana osiyana. Sikelo ya mnyamata uja inachira yokha popanda wokonza, ndipo mtengo unakwera kawiri mlungu umodzi. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zimene mphunzitsi uja ankanena. Mankhwala a venda wakuba si kuchotsa mavenda. Mankhwala ake ndi venda wachiwiri ndi wachitatu, ndi sikelo yoona.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti boma lichoke, tisiyidwe tokha ndi a malole. Mbiri yomwe ndafotokozayi ikuonetsa kuti pamene boma linathawa ntchito yake, ngati mu 2002, anthu anafa. Chimene ndikunena n'chakuti pali ntchito za boma ndi ntchito zosakhala za boma, ndipo kwa zaka pafupifupi zana lakhala likulimbikira zosakhala zake. Kutiuza choti tilime, kotigulitsa ndi wotigula, zimenezo nthawi zonse zathera pothinitsa mlimi, ngakhale ziyambe ndi mawu oti tikukutetezani. Koma kuyeza masikelo, kukonza msewu, kusunga chimanga cha tsiku la njala ndi kulanga wakuba, zimenezo palibe venda angachite.

Ndiye kalata imene ine ndingasaine ndi yotere. Tipemphe kuti a Malawi Bureau of Standards, amene ntchito yoyeza masikelo ndi yawo, afike pamsika wathu nyengo yogula isanayambe, ndipo sikelo yopanda chidindo chawo ilandidwe. Tipemphe khonsolo ikonze mlatho wapadambo uja, kuti malole azifika kuno ambiri m'malo moti tizidalira mnyamata mmodzi wa njinga yamoto. Tipemphe phungu wathu akanene ku Nyumba ya Malamulo kuti ngati boma likufuna kutseka kapena kutsegula malire, lizinena tisanadzale, ndi zifukwa zake poyera, osati chimanga chili kale pamkukwe. Lamulo la Control of Goods Act linakonzedwanso mu 2018 ndi cholinga chomwecho, choti ziletso zisamangogwa ngati mphezi, ndiye tili ndi poyambira. Tipemphe kuti ngati msika wa boma ukubwera, ubwere ndi ndalama mu April kapena May, upikisane ndi mavenda pamtengo. Ukalipira bwino tonse tipita komweko popanda wotikakamiza. Ndipo nkhokwe za dziko zizidzazidwa pokolola, chiwerengero cha matumba chizilengezedwa kuti aliyense adziwe.

Palinso zathu zimene sizifuna kalata. Tigule sikelo yathu ya mudzi, izikhala kwa a mfumu, aliyense aziyeza asanapite kumphambano. Mtengo wake sufika ngakhale pa zimene ndinaluza ine tsiku limodzi lija tikaphatikiza ndi za anzanga. Tisonkhanitse mbewu zathu tizigulitsa pamodzi, chifukwa wa matumba 300 amaitana lole n'kukambirana mtengo, pamene wa ndowa imodzi amangolandira. Mutu umodzi susenza denga. A banki m'khonde aganizireko zobwereketsa ya fizi mu May, kuti munthu asagulitse chimanga chosauma. Ndipo tinene zoona, ena a ife timagulitsa mpaka cha pakhomo chifukwa cha mowa ndi mafoni, kenaka mu January tikugula chimanga chathu chomwe kwa venda yemweyo pamtengo wowirikiza. Pamenepo DC alibepo mlandu.

Inu a m'tauni, tikudziwa kuti zinthu zathina. Kwacha inagwa mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro anu sanakwere motero. Koma feteleza amene ife timagula anakwera ndi kwacha yomweyo. Mukafuna ufa wotsika mtengo, njira yake si kumanga mlimi miyendo. Tumizani ndalama pokolola, tikugulireni kuno pamtengo wachilungamo, tikusungireni m'matumba osalowa mpweya aja. Inu mupulumuka mu February, ife tipeza wogula wina woonjezera. Mphwanga, yamba ndiwe, matumba ako anayi ndakusungira, koma ulipire.

A mfumu, ndi ulemu wonse, sindikunyoza bwalo lanu. Mkwiyo wa anthu ndi woona ndipo inenso ndili nawo. Ndangoti tiuloze koyenera. Agogo athu sanafunsidwe mu 1926, makolo athu sanafunsidwe mu 1971. Ife tikufunsidwa, ndiye tisadzipemphere tokha chingwe chimene iwo anavutika kuchimasula.

Loweruka tikumane 2 koloko pabwalo pomwe paja. Amene munali mukalabu yoyamba ya bale mubwere mudzanene nokha ngati ndanama. Amene mukutsutsana nane lembani m'munsimu, koma mwaulemu, pano pali apongozi. A m'tauni amene mukufuna kuthandiza pa sikelo ya mudzi, lankhulani ndi a komiti. Ine ndapita, ng'ombe zalowa m'dimba mwa eni ake.